Kiyi wa Mjigo Wanu Akadali M'khosi Mwanga

Mudzi wa Mulekano,
Dera la Jenala,
Phalombe.

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Bungwe la Dontho la Chisomo,
Ku likulu.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndikulemba kalatayi nditavula chipewa, ngakhale ndili m'nyumba ndipo palibe amene akundiona. Ine ndine Cornelius Namakhwa, mkulu wa mpingo, mkamwini m'mudzi muno, amene ndinapatsidwa ulemu wosunga kiyi wa mjigo umene munatikumbira chaka chatha. Simundidziwa, ndipo sindikudandaula, pakuti inenso sindikudziwani. Kalatayi ndaipereka kunyuzipepala osati chifukwa cha mwano. Ndangomva kuti nkhani ikatuluka m'nyuzipepala, makamaka ikatchula bungwe lanu, imakupezani msanga kuposa uthenga wa pakamwa.

Ndiyambe ndi kuthokoza, monga tinaleredwera. Mjigo wanu ndi wokongola, bwana. Simenti yake ndi yosalala ngati tebulo, utoto wake ukuwala ngati wapakidwa dzulo. Sunathyokepo, sunaphwepo, ndipo palibe mayi amene anakanganapo ndi mnzake polimbirana malo. Ndikayika ngati m'boma lonse la Phalombe muli mjigo wina wosamalika ngati wathuwu. Zonsezi ndi nzeru zanu, pakuti ndinu munalamula kuti ukhale womangidwa ndi unyolo ndi loko kufikira tsiku limene mudzabwere kudzautsegulira nokha.

Popeza muli ndi mijigo yambiri yoiganizira, ndikukumbutseni mmene zinayendera. Tsiku limene amisiri anamaliza ntchito, anapopa madzi kuti aone ngati akutuluka. Anatuluka oyera, ozizira, akuthamanga mu ngalande. Amayi anathamangira m'nyumba kukatenga ndowa. Pamenepo a Micheal, mnyamata wa ku ofesi kwanu amene amabwera pa njinga yamoto, anakweza dzanja. Anati ndowa yoyamba ndi ya abwana, ndipo iyenera kujambulidwa kuti anthu akufuna kwabwino a kunja aone kumene thandizo lawo linapita. Anati kumudzi wina anthu anatsegula okha, abwana pofika anapeza matope, thovu la sopo ndi matewera oyanikidwa pa mpanda, chithunzi n'kuonongeka. Choncho madzi a tsiku limenelo anatayikira pansi. Amene anawalawa ndi abakha a mai Rozaria, mayi wamasiye wokhala pafupi ndi mjigowo. Mpaka lero, m'mudzi muno, abakha amenewo ndiwo okha angachitire umboni za kukoma kwa madzi anu.

Kenako a Micheal anafunsa kuti munthu wokhulupirika ndani muno. Anthu analoza ine. Sindimwa mowa, ndinafika Fomu 4, komanso pokhala mkamwini ndilibe mlongo kapena azakhali muno oti ndiziwakondera. Anandituma kukatenga Mawu a Mulungu m'nyumba mwanga, nandiuza kuti ndiike dzanja pamenepo pamaso pa mudzi wonse, ndilumbire kuti sindidzatsegula lokoyo abwana asanafike. Anati ndi nkhani ya masabata ochepa chabe. Ndinalumbira. Ndiulule, bwana, popeza kubisa sindikutha: ndinamva kukoma. Ndinamangirira kiyi pa chingwe, n'kumuvala m'khosi kunja kwa malaya kuti aliyense amuone. Masiku ano ndimamuvala mkati.

Tsopano ndiloleni kuti nditule tinkhani tating'ono, toti munthu wamkulu ngati inu angathe kuwerenga akudikira tiyi.

Choyamba, tikuthokoza chifukwa cha ukhondo umene mwatiphunzitsa. Nthawi iliyonse a Micheal akaimba foni kuti mukubwera, mudzi wonse umadzuka m'mamawa. Timasesa msewu kuchokera pa mlatho mpaka pa mjigo. Timatola miyala, kuindandalika m'mbali mwa njira, n'kuipaka laimu kuti galimoto yanu isasochere. Laimuyo amafuna madzi osungunulira, ndipo madziwo amayi amakatunga kudambo, kudutsa pa mjigo popita ndi pobwera. A Abdulhamid, amene ali ndi golosale pa msika wathu, amabwereka sofa ya m'nyumba mwawo, amuna anayi n'kuisenza kudzaiika pansi pa mtengo wa mango. Ovina tchopa amavala zikopa zawo kuyambira m'mawa. Kwaya yathu inapeka nyimbo yokulandirani, ya mavesi ambiri ndithu, ndipo ana a ku mzikiti nawo anakonza yawo. Tikatero timakhala padzuwa, maso kumsewu, fumbi lililonse likatuluka tikuimirira, n'kupeza kuti ndi wa kabaza wanyamula thumba la nandolo.

Ulendo woyamba tinauzidwa kuti wojambula zithunzi wadwala. Tinamupempherera. Ulendo wina akuti malaya olembedwa dzina la bungwe, oti tivale pa chithunzicho, anali asanasokedwe. Wina akuti mafuta a galimoto asowa. Wina akuti alendo a kunja asintha tsiku. Koma umene unatigwira mtima kwambiri ndi uja tinamva kuti mwaitanidwa ku hotela ya kunyanja, kukatsogolera msonkhano wa sabata yathunthu wokambirana za kusowa kwa madzi abwino m'midzi. Tinachita manyazi kuti ife tinkafuna kukusokonezani pa ntchito yofunika chotere. Sofa ya a Abdulhamid yayenda maulendo ambiri kuposa mwini wake, ndipo mwendo umodzi tsopano ndi njerwa.

Chachiwiri, mbuzi yanu ili bwino. Mudzi unapereka mbuzi yoti mudzadye, pakuti mlendo wamkulu salandiridwa ndi masamba a nyemba. Kuno nyama ya pa chisangalalo cha mudzi amazinga ndi Msilamu kuti tonse tidye pamodzi, choncho a Abdulhamid amanola mpeni usiku woti mawa mukubwera. Mpeniwo anaunola mpaka watsala ngati singano. Mbuziyo, poona kuti imfa ikuchedwa, inaganiza zopitiriza moyo: inabereka, ana ake akula, ndipo pano ilinso ndi bere. Ana a m'mudzi anaipatsa dzina loti Abwana. Ndinawakalipira, koma dzinalo linakhazikika, moti mukamva wina akufuula kuti Abwana alowa m'munda mwa chinangwa, musakhumudwe. Imamwa madzi ambiri mbuzi imeneyi, ndipo amene amaitungira ndi akazi anga.

Chachitatu ndi madzi amene tikumwa podikira anu. Sindikufuna kukuipitsirani chakudya, choncho ndinena mwachidule. Kudambo kuli chitsime chimene tinakumba ndi makasu. Chilimwe chino chatsika kwambiri, moti mayi amagwada, n'kumapala pansi ndi chikho, kudikira kuti madzi asonkhane. Mtundu wake ndi wa thobwa losatsekemera. Ng'ombe zimamwa kumunsi, ife kumtunda, koma ng'ombe sizinauzidwe za malirewo. Alangizi a zaumoyo amatipatsa mankhwala othira m'madzi akakhala nawo, ndipo akasowa amatiuza kuti tiziwiritsa, ngati kuti nkhuni zimamera pakhomo. Amayi amene amapita kukatola nkhuni amabwera dzuwa litapendeka, ndipo nkhunizo ziyenera kusankha pakati pa kuphika ndiwo ndi kuwiritsa matope.

Njira yopita kudamboko imadutsa pa mjigo wanu. Amayi anayamba mwambo wakuti akafika pamenepo amanjuta, ndowa ili pamutu, n'kupereka moni: "Mwadzuka bwanji achimwene a madzi? Ife tadzuka, tikupita kwa anzanu aulere." Amene anayambitsa ndi mai Nasima, akazi awo a a Abdulhamid, amene pakamwa pawo sipapuma. Tsiku lina anandipeza ndikupalira udzu kuzungulira simenti, monga a Micheal anandilangizira. Anatula ndowa pansi nati: "A Namakhwa, mukulimira manda a ndani apa? Mutiuze tibwere ndi nkhata za maluwa." Ndinayankha kuti ndinalumbira. Iwo anati: "Ife timasamba kasanu pa tsiku kuti tikaime pamaso pa Mulungu, ndipo timasamba matope. Inu mukaima pamaso pake woyera ndi kiyi wanuyo. Mukatiperekereko moni." Ndinapitiriza kupalira, ndipo ndiulule kuti m'mtima ndinanena mawu ena okhudza inu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe. Ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu tsiku lomwelo. Kwa inu ndikupempha pano.

Chachinayi ndi nkhani ya kalongonda. Mwina ku likulu simudya, ndiye ndifotokoze. Ndi nyemba zikuluzikulu zimene ife Alomwe timazikonda, zimene zimatipulumutsa chimanga chikatha m'nkhokwe. Koma kalongonda ali ndi ukali wake. Amafuna kuwiritsidwa tsiku lonse, madzi ake n'kumatayidwa, kuthira ena, kutayanso, mpaka ululu wonse utachoka. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezi. Mai Rozaria, a abakha aja, amaphika kalongonda kuyambira ine ndisanabadwe. Mwezi wathawu bondo linawatupa, anatha kubweretsa ndowa imodzi yokha kuchokera kudambo. Anayang'ana mphika, anayang'ana ndowa, nati m'mtima mwawo kutaya madzi kamodzi n'kokwanira, Mulungu aona. Madzulo ake iwo ndi adzukulu awo anali kusanza, mitu ikuzungulira, gogoyo akulankhula ndi amuna awo amene anamwalira kalekale. Tinawanyamula pa njinga kupita nawo kuchipatala. Anachira, tithokoze Ambuye. Namwino anawakalipira kuti mayi wamkulu ngati iwo angaphike bwanji kalongonda mosasamala. Khomo la mai Rozaria ndi mjigo wanu zatalikirana ngati pakamwa ndi mphuno.

Pamene ndinapita kukawazonda atabwerako, sananditukwane. Kunali bwino akananditukwana. Anangondiyang'ana pachifuwa, pamene chingwe chimaonekera, nati: "Mwana wanga, chakulemera chimenecho." Ndinabwerera kunyumba osadya.

Chachisanu, kapena chachisanu ndi chimodzi, pakuti manambala andisokonekera, ndi cha m'nyumba mwanga. Bwana, inu ndinu munthu wophunzira, mukudziwa kuti kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Dothi limene mjigo wanu waimapo ndi la mbumba ya akazi anga, mai Eneless. Amene anapereka malowo ndi amalume awo. Tsono taganizani: mlendo wobwera ndi bulangete limodzi kuchokera ku Chiringa, lero ndiye wamanga madzi a eni mudzi m'khosi mwake. Alamu anga akandiona amasiya nkhani. Kutchalitchi ndikaimirira kuti ndilalikire za chifundo, amayi a kumbuyo amatsokomola onse pamodzi ngati anapangana.

Akazi anga anapirira nthawi yaitali, pakuti ndi munthu woopa Mulungu ndipo anaona ndi maso awo dzanja langa lili pa Mawu. Ankangoti pobwera kudambo, khosi litauma, amatula ndowa pafupi ndi mapazi anga mwamphamvu pang'ono kuti madzi andithovukire. Koma sabata yathayi mdzukulu wathu Lily, mwana wa mwana wathu Fainess, amene wangoyamba kumene kuyenda, anatsekula m'mimba. Maso analowa mkati, kulira kwake kunali ngati kwa mwana wa mphaka. Tinam'mwetsa madzi a mchere ndi shuga, ndipo madzi osungunulira mchere ndi shugayo anali a kudambo komweko. Fainess anagona naye kuchipatala masiku angapo. Wabwerako, akuyamwa, koma miyendo yake yatsala ngati timitengo ta nandolo.

Tsiku limene anabwerako, mai Eneless anandiitanira kuseri kwa nkhokwe kuti ana asamve. Sanakweze mawu. Anati: "Bambo a Fainess, ine sindinakwatiwe ndi bungwe. Mvula ikagwa, zonse za kutchire zitsikira m'chitsime muja, ndipo mukudziwa chimene chinachitika chaka cha kolera. Mwana uyu akadwalanso, mutenge bulangete lanu ndi kiyi wanu, mukasungirane kwanu ku Chiringa." Tatha zaka zambiri m'banja, bwana, ndipo mawu oti kwanu anali asanatulukepo pakamwa pawo.

Mvula imene akunenayo siili kutali. Chizimalupsa chagwa kale. Masana mitambo ikuunjikana pamwamba pa Mulanje, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Ndinaimbira a Micheal kuwauza zonsezi. Anandimvera chisoni kwambiri, nati abwana nkhaniyi ili pamtima pawo, koma mvula ikayamba msewu wa kuno galimoto yawo siingadutse, ndiye mwambo wotsegulira mjigowo auika mvula ikatha. Anawonjezera kuti ndipitirize kupalira udzu.

Ndinapita kwa abusa athu kukafunsa ngati lumbiro lingamasulidwe. Anandiuza kuti lumbiro ndi lumbiro, koma ludzu la mwana nalonso Mulungu amaliona, ndipo ndipemphere. Ndinawafunsa kuti iwo akanatani. Anati iwo sakanalumbira. A Abdulhamid, poona mmene ndaondera, ananditengera kwa shehe wa ku mzikiti kwawo, ngakhale si wa chipembedzo changa. Shehe anati kwa iwo munthu akalumbira chinthu kenako n'kuona kuti kuswa ndiko kwabwino, amaswa, n'kudyetsa osauka kuti alipire. A Abdulhamid anaseka nati osauka alipo, mbuzi iliponso, mpeni ndi wonolanola. Ine sindinaseke. Ine ndinaleredwa kuti dzanja likakhudza Mawu a Mulungu, chimene pakamwa panena chalembedwa kumwamba, ndipo palibe mbuzi ingafufute. Ndikhulupirira zimenezi mpaka pano. Sindikupeza pothawira. Ndikasunga lumbiro, ndapha mwana. Ndikatsegula, ndanamiza Mulungu pamaso pa mudzi. Ndasala kudya, ndagwada mpaka maondo achita zikang'a, ndipo yankho lina silinabwere koma nkhope ya Lily.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Kuno tamva m'mimba, bwana, ndipo si mwambi chabe. Choncho ndikudziwitseni mwaulemu wonse kuti Lachisanu likudzali m'mawa, anzathu asanapite kukapemphera ku mzikiti, ndivula kiyi m'khosi ndi kutsegula loko wanu. Ndowa yoyamba idzakhala ya mai Rozaria. Sipadzakhala wojambula. Padzakhala matope, thovu la sopo, ndipo mosakayika matewera a Lily adzayanikidwa pa mpanda. Ndikudziwa kuti chithunzi chanu ndachiononga, ndipo anthu akufuna kwabwino a kunja adzaona mjigo wogwiritsidwa ntchito, chinthu chimene mwayesetsa kwa chaka chonse kuti asachione. Pepani kwambiri. Lamulungu lotsatira ndidzaimirira pamaso pa mpingo, ndidzaulula kuti ndaswa lumbiro, ndipo ngati adzandichotsa pa ukulu, ndidzakhala pa benchi ya kumbuyo pamodzi ndi amayi otsokomola aja.

Musavutike kubwera. Miyala ya laimu tiisiya pomwepo kuti mvula iitsuke. Sofa ibwerera kwa eni ake kukapuma. Mbuzi yanu tiisunga mpaka ibereke, pakuti ilibe mlandu.

Pempho langa ndi limodzi, laling'ono, losafuna mafuta a galimoto. Pambali pa mjigo amisiri anamanga chipilala choti padzakhomedwe chikwangwani cha dzina lanu, koma chikwangwanicho akuti chidzabwera ndi inu, ndipo a Micheal akamakutchulani amangoti abwana. Ine ndine munthu wachikulire, ndipo tsiku lokayankha mlandu wa lumbiro limeneli silili kutali kwambiri. Ndidzavomera kuti dzanja linali langa ndipo pakamwa panali panga. Koma ndikudziwa kuti ndidzafunsidwanso kuti analamula loko ndani, ndi kuti mwana uja anamwa matope podikira yani. Kumeneko sindingakayankhe kuti Bwana Mkulu, pakuti ndamva kuti maudindo amatsala pa chipata. Chonde, mukapeza kamphindi pakati pa misonkhano yanu, munditumizire dzina lanu lonse, limene makolo anu anakupatsani, lolembedwa bwino kuti ndisakalakwitse potchula. Sindikufuna kuti ulemu umene mwaugwirira ntchito chotere ukaperekedwe kwa munthu wina.

Ine wanu wogwada, amene amakutchulani m'mapemphero ngakhale sakudziwa dzina loti atchule,

Cornelius Namakhwa,
Wosunga kiyi, kufikira Lachisanu.